Momwe mungaperekere petishoni ku Nyumba ya Malamulo ya Scotland popanda kusanduka chithunzi cha andale

Zimayamba chimodzimodzi nthawi zonse. Wina pa gulu la WhatsApp la Amalawi okhala ku Glasgow kapena ku Edinburgh wapsa mtima ndi nkhani inayake, ndipo nkhaniyo imakhaladi yowawa. Wina akuti, “Abale, tilembe petishoni!” Usiku womwewo mayina akutsika ngati mvula. Pakatha miyezi iwiri, zii. Chatsala ndi chithunzi chimodzi cha anthu atavala zitenje ndi majekete ochindikala, atayima ndi wandale wina panja pa Nyumba ya Malamulo ya Scotland ku Holyrood, mumzinda wa Edinburgh, onse akumwetulira.

Ndinakhalapo m'chithunzi chotere. Tinasonkhanitsa mayina pa nkhani ya ma viza, tinabwereka galimoto, wandale wina anatilandira bwino kwambiri n'kutigwira chanza mmodzimmodzi. Pambuyo pake ndi pamene tinazindikira kuti tinagogoda pakhomo lolakwika. Kulakwa kunali kwathu, chifukwa sitinafunse. Malangizo awa ndi oti inu musabwereze zomwezo.

## Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Imelo yomwe mumaitsegula kawirikawiri, pakuti alembi a komiti ya aphungu yoona za mapetishoni adzakulemberani pamenepo.
- Dzina lanu lenileni ndi adiresi ya kumene mukukhala.
- Foni kapena kompyuta yolowera pa tsamba la petitions.parliament.scot.
- Kope kapena fayilo imodzi yosungiramo makalata onse, masiku amene munalemba ndi mayankho amene munalandira.
- Munthu mmodzi wosakunyengererani, woti awerenge zimene mwalemba n'kukuuzani poyera ngati sizikumveka.
- Kudekha. Pempho lina lokhudza mpira wa achinyamata linalowa mu 2010 ndipo linakhala m'manja mwa komiti zaka pafupifupi khumi.

Ndalama sizifunika. Loya safunika. Ndipo khamu la anthu silifunika: ku Scotland siginecha imodzi, yanuyo, ndi yokwanira kuti komiti ione pempho lanu, bola likhale lotsata malamulo. Msinkhu nawo si chopinga. Mu 2022 mwana wa zaka 7 anakhala pamaso pa komiti kufotokoza pempho lake loti ana a ku pulayimale azipatsidwa mabotolo a madzi ogwiritsa ntchito mobwerezabwereza.

## 1. Dziwani kaye ngati nkhani yanu ndi ya Holyrood kapena ya London

Apa ndi pamene ambiri timagwera, ndiye tikhalitsepo.

Nyumba ya Malamulo ya Scotland, yomwe inayamba ntchito mu 1999, ili ndi mphamvu pa zinthu zina zokha. Zaumoyo ndi zipatala za NHS Scotland, sukulu ndi makoleji, nyumba zokhalamo, apolisi ndi makhoti, misewu ndi mabasi, zachilengedwe, ulimi, makhonsolo, chisamaliro cha okalamba, komanso mbali ina ya misonkho ndi ya ndalama zothandizira ovutika: zonsezi n'za ku Holyrood.

Koma viza, chilolezo chokhalira m'dziko, unzika, nkhani za othawa kwawo, asilikali, ubale ndi mayiko akunja, ndiponso malamulo ambiri a pantchito, zili m'manja mwa Nyumba ya Malamulo ya ku Westminster, ku London. Phungu wa ku Holyrood akhoza kukumverani chisoni pa viza yanu, akhozanso kulankhulapo, koma alibe mphamvu yoisintha. Pempho lopempha zimene Nyumbayi singathe kuchita limakanidwa lisanafike n'komwe ku komiti.

Pali nzeru ina imene ndinaiphunzira mochedwa. Vuto limodzi limakhala ndi mbali zingapo, ndipo mbali ina ikhoza kukhala ya Holyrood. Mu 2023 kunalowa pempho loti anthu amene akudikira yankho pa pempho lawo lothawira m'dzikomo azikwera mabasi mwaulere. Nkhani ya othawa kwawo ndi ya London, inde. Koma ziphaso zokwerera basi mwaulere ndi za boma la Scotland, lomwe limapereka kale ziphaso zotere kwa achinyamata osakwana zaka 22 ndi kwa anthu a zaka 60 kupita m'mwamba. Amene analemba pempholo anagwira mbali yoyenera, ndipo komiti inaikambirana. Nanunso itembenuzeni nkhani yanu mpaka mupeze chogwirira cha Holyrood.

Ngati ndithu nkhaniyo ndi ya London, njira yake ndi ina: tsamba la petition.parliament.uk, kumene chiwerengero chimagwira ntchito. Boma limayankha mayina akafika 10,000, ndipo akafika 100,000 nkhaniyo imaganiziridwa kuti mwina ikambidwe ndi aphungu.

Chenjezo: musasokoneze njira ziwirizi. Malamulo a 10,000 ndi 100,000 sakhudza Scotland. Komanso mayina osonkhanitsidwa pa masamba ena a pa intaneti, kaya achuluke bwanji, sakakamiza komiti ya ku Holyrood kukhala pansi.

## 2. Onetsetsani kuti ndi nkhani ya dziko, osati yanu yokha

Komiti imaona nkhani za mfundo zoyendetsera Scotland yense. Silowerera pa dandaulo la munthu mmodzi kapena la dera limodzi, ndipo singasinthe chigamulo cha khoti, cha khonsolo kapena cha chipatala pa mlandu wanu.

Ngati chipatala kapena khonsolo sinakuchitireni bwino, yambani ndi njira yodandaulira ya pamalo pomwepo, ndipo mukapanda kukhutira pitani kwa Scottish Public Services Ombudsman, ofesi yoona madandaulo okhudza mabungwe a boma. Ngati ndi nyali za mumsewu wanu kapena basi ya kudera lanu, lankhulani ndi khansala.

Izi sizikutanthauza kuti zimene zinakuchitikirani n'zopanda ntchito. Dzifunseni: kodi chimene chandipwetekachi chikupwetekanso anthu a ku Dundee, ku Aberdeen, ku Inverness? Ngati yankho ndi inde, ndiye kuti nkhani yanu ndi umboni wa vuto la dziko, ndipo vutolo ndi limene mulembe.

## 3. Fufuzani zimene zilipo kale

Lowani pa tsamba la mapetishoni muwerenge amene alipo. Lililonse lili ndi nambala yoyamba ndi PE. Ngati lina lofanana ndi lanu likadali lotsegula, sayinani lomwelo ndipo lemberani komiti umboni wanu. Ngati lofanana nalo linatsekedwa chaka chisanathe, lanu likhoza kukanidwa pa chifukwa chimenecho. Munthu mmodzi saloledwanso kukhala ndi mapempho oposa awiri pa nthawi imodzi.

Fufuzaninso ngati boma lili kale ndi mfundo pa nkhaniyo. N'zopweteka kudikira miyezi kenako n'kuuzidwa kuti zimene mukupemphazo zinakhazikitsidwa kalekale. Zikakhala choncho, pempho lanu lisinthe: lisakhale loti akhazikitse mfundo, koma loti aunike chifukwa chake mfundoyo sikutsatidwa.

Pofuna ziwerengero, gwiritsani ntchito lamulo la Freedom of Information (Scotland) Act 2002. Mumalembera bungwe la boma kupempha zimene mukufuna kudziwa, ndipo liyenera kukuyankhani pasanathe masiku 20 ogwira ntchito. Funsani funso lolunjika, lotchula zaka zimene mukufuna.

## 4. Lemberani aphungu anu kaye

Aliyense wokhala ku Scotland ali ndi aphungu 8, osati mmodzi: wa dera lake, ndi ena 7 a chigawo. Nyumba yonse ili ndi aphungu 129. Mukalemba postcode yanu pa tsamba la Nyumbayi, mayina awo amatuluka.

Alembereni mwachidule, ndime zitatu basi: vuto, chimene mukufuna chichitike, ndi funso loti iwo angachitepo chiyani. Lemberaninso nduna yoona za nkhaniyo. Sungani mayankho. Nthawi zina phungu amafunsa nduna funso ndipo nkhani imayenda popanda petishoni. Zikakanika, mudzatha kuonetsa kuti munayesa njira zina.

Musadzione ngati mlendo wopempha chifundo. Nzika za mayiko ena zokhala ku Scotland movomerezeka zili ndi ufulu wovota pa zisankho za Nyumbayi ndi za makhonsolo, kuyambira zaka 16. Ndipo dzina la Malawi si lachilendo m'nyumba imeneyi: mgwirizano wa Scotland ndi Malawi unasainidwa mu 2005 ndi Jack McConnell, mtsogoleri wa boma la Scotland pa nthawiyo, ndi Bingu wa Mutharika, ndipo kwa zaka zambiri kwakhala kagulu ka aphungu a zipani zosiyanasiyana kokambirana za Malawi.

Chenjezo: lemberani aphungu a zipani zonse zimene zili m'chigawo chanu, osati chipani chimene mumachikonda chokha. Chifukwa chake tichiona m'munsimu.

## 5. Lembani pempho limodzi, lolunjika

Fomu ya pa intaneti imafuna mutu waufupi, chiganizo chofotokoza chimene mukupempha, ndi mbiri yachidule ya nkhaniyo. Malo olembapo ndi ochepa, choncho yambani mwalemba pa pepala.

Mapempho ambiri amayamba ndi mawu akuti “Calling on the Scottish Parliament to urge the Scottish Government to”, kutanthauza kupempha Nyumba ya Malamulo kuti ilimbikitse boma la Scotland kuchita chakutichakuti. Chotsatira mawu amenewa chikhale ntchito yooneka: kuunika lamulo, kusintha malangizo, kusonkhanitsa ziwerengero, kupereka ndalama ku chinthu chodziwika.

Tiyerekeze. Mumagwira ntchito yosamalira okalamba, mumaweruka usiku mabasi atasiya kuyenda. Mukalemba kuti “boma litiganizire ife ogwira ntchito usiku, tavutika mokwanira”, aliyense adzagwedeza mutu ndipo palibe chidzachitike, chifukwa palibe chimene mwapempha. Koma mukalemba kuti boma liunike momwe ogwira ntchito yosamalira anthu amayendera usiku m'dziko lonse ndi kufalitsa zotsatira zake, nduna iyenera kuyankha kuti inde kapena ayi, ndipo ikakana iyenera kunena chifukwa.

Mapanga awiri avumbwitsa. Mukaphatikiza za mabasi, malipiro, tsankho ndi lendi m'pempho limodzi, boma lidzasankha chosavuta kuyankha, zinazo n'kuzisiya.

Nyumbayi imalandira mapempho m'chilankhulo chilichonse, ndiye Chingerezi chisakuopseni. Alembi a komiti amathandizanso kukonza mawu kuti agwirizane ndi malamulo. Akakulemberani kuti musinthe pena, si chipongwe ayi, ayankheni msanga.

Chenjezo lalikulu: musatchule dzina la munthu amene mukumuimba mlandu, kaya ndi bwana wanu, dokotala kapena mwini nyumba. Musalembe za mlandu umene uli kukhoti. Musatukwane. Chimodzi mwa izi n'chokwanira kuti pempho likanidwe, ndipo kunamizira munthu poyera kukhoza kukubweretserani mlandu woipitsa mbiri.

## 6. Sankhani mosamala dzina limene lidzaonekere

Pempho likavomerezedwa limaikidwa pa intaneti pamodzi ndi dzina la mwini wake. Zokambirana za komiti zimaulutsidwa pa Scottish Parliament TV ndipo mawu onse amalembedwa mu Official Report, momwe aliyense angawawerenge ngakhale patapita zaka. Bwana wanu akhoza kuziona. Achibale ku Lilongwe akhoza kuziona.

Choncho khalani pansi monga gulu mukambirane moona mtima. Ngati viza ya mnzanu yamangiriridwa kwa bwana wake, ndipo nkhani ikukhudza ntchito yomweyo, musamukankhire kutsogolo chifukwa choti amalankhula bwino Chingerezi. Pempho likhoza kuperekedwa m'dzina la bungwe kapena gulu. Amene akutsogolera akhale munthu woti atha kuyankha makalata kwa nthawi yaitali, osati amene amakonda maikolofoni.

Ndanena izi chifukwa ndaona magulu athu akugawanika pa funso loti ndani ayime pakati pa chithunzi. Wapampando akufuna dzina lake, amene anayambitsa nkhani akufuna lake, ndipo mayi amene vutolo linamugweradi wakhala kumbuyo, chete, atagwira thumba la anzake. Ngati iye walola kulankhula, mpatseni mpata. Ngati sakufuna, musamujambule.

## 7. Gwirani ntchito ndi andale popanda kugwidwa nawo

Phungu saloledwa kupereka petishoni iye mwini, koma akhoza kubwera ku komiti kudzalankhula mochirikiza yanu, ndipo zimenezi zimathandizadi. Wandale amakhalira kuonekera kwa anthu. Si tchimo, ndi mbali ya ntchito yake. Chithunzi chake ali pakati pa Amalawi ovala zitenje chimamuonetsa ngati munthu wa anthu onse. Inu mudziwe kuti chithunzicho ndi chinthu chamtengo chimene mukumupatsa, ndipo musachipereke chabe.

Musanayime naye pa kamera, pemphani chimodzi mwa izi, ndipo mugwirizane tsiku: alembere nduna ndipo akutumizireni yankho, afunse funso m'Nyumba, alembere komiti kuchirikiza pempho, kapena abwere tsiku limene komiti idzakambirane. Akavomera, jambulani mosangalala. Pakatha milungu iwiri, mukumbutseni mwaulemu pa imelo.

Musalole kuti pempho lanu livale mtundu wa chipani chimodzi. Komiti imakhala ndi aphungu a zipani zingapo, ndipo ikaona kuti nkhaniyo ndi ndodo yokwapulira boma kapena otsutsa, ena amayamba kudziteteza m'malo momvetsera. Musanyamule zikwangwani za chipani. Musavomere kuti mawu anu alowe m'timapepala ta kampeni musanawaone. Samalani kwambiri chisankho chikayandikira: chimachitika zaka 5 zilizonse, manja okupatsani moni amachuluka, koma Nyumba ikatsekedwa komiti sikumana.

Onani momwe anachitira amayi amene anavulazidwa ndi ukonde wa pulasitiki woikidwa m'thupi pa opaleshoni. Elaine Holmes ndi Olive McIlroy anapereka pempho lawo, PE1517, mu 2014 m'malo mwa gulu la Scottish Mesh Survivors. Anafotokoza ululu wawo poyera, pa nkhani yomwe ambiri amachita nayo manyazi, ndipo anathandizidwa ndi aphungu a zipani zosiyana. Chaka chomwecho nduna ya zaumoyo, Alex Neil, inapempha kuti maopaleshoniwo aimitsidwe kaye. Mu 2018 maopaleshoniwo analetsedwa m'zipatala za NHS Scotland, ndipo mu 2022 kunakhazikitsidwa lamulo lobwezera ndalama amayi amene analipira okha kuti ukondewo uchotsedwe. Nkhope zawo zinadziwika, koma sizinaphimbe chimene ankapempha, ndipo palibe chipani chimene chinawatenga kukhala ake.

## 8. Tsatirani pempho likalowa

Komiti yoona za mapetishoni, yomwe pakati pa 2021 ndi 2026 inkatchedwa Citizen Participation and Public Petitions Committee, imalandira zinthu ziwiri isanakambirane: kafukufuku wachidule wochokera ku SPICe, ofesi ya ofufuza a Nyumbayi, ndi maganizo a boma la Scotland. Zonse zimaikidwa pa tsamba la pempho lanu.

Werengani yankho la boma mzere ndi mzere, pensulo ili m'manja. Kenako lembani yankho lanu lalifupi: apa ayankha, apa azemba, apa zimene akunena sizikugwirizana ndi zimene tikuona. Anthu ambiri salemba kalata imeneyi, ndipo komiti ikaona yankho la boma lokha popanda wotsutsa, n'kosavuta kutseka nkhani.

Komiti ikhoza kulembera mabungwe ena kufunsa umboni, kukuitanani kudzalankhula, kuitana nduna, kutumiza pempho ku komiti ina, kupempha kuti likambidwe ndi Nyumba yonse, kapena kulitseka. Nthawi zina imapita patali ndithu. Pempho lokhudza kukulitsa msewu wa A9 pakati pa Perth ndi Inverness, ntchito yomwe inalonjezedwa kutha mu 2025 koma inachedwa, linachititsa kuti komiti ichite kafukufuku wake, mpaka Alex Salmond ndi Nicola Sturgeon, omwe anakhalapo atsogoleri a boma la Scotland, anadzayankha mafunso mu 2024.

## 9. Mukaitanidwa kukalankhula

Si onse amene amaitanidwa, ndiye musakhumudwe mukapanda kuitanidwa. Mukaitanidwa, onerani misonkhano iwiri yapitayo kuti muone momwe mafunso amayendera. Konzani mfundo zitatu ndi nkhani imodzi yeniyeni. Valani zaukhondo zimene muli nazo omasuka. Chitenje kapena suti, zonse n'zabwino. Chimene aphungu amakumbukira ndi ngati munayankha funso.

Mwambo wathu woyamba ndi kuthokoza aliyense mmodzimmodzi ndi wabwino pamaliro ndi paukwati, koma pano nthawi ndi yochepa. Thokozani kamodzi, lowani m'nkhani. Mukafunsidwa chimene mulibe yankho lake, nenani kuti mudzalemba kalata, ndipo mudzalembedi. Misozi ikabwera, pumani, imwani madzi. Palibe amene adzakusekeni.

## Zolakwa zimene zimabwerezedwa kawirikawiri

Kuthera mphamvu zonse pa kusaka mayina. Mayina amasonyeza kuti anthu akhudzidwa, koma kalata imodzi ya umboni yochokera kwa namwino, mphunzitsi kapena bungwe lodziwa nkhaniyo imalemera kuposa mayina mazana a anthu amene sanawerenge n'komwe.

Kulembera anthu mayina iwo osadziwa, kapena kusayinira achibale. Zikadziwika, pempho lonse limataya ulemu.

Kulengeza pa Facebook kuti “tapambana” tsiku limene pempho lavomerezedwa. Kuvomerezedwa kumangotanthauza kuti latsata malamulo. Mukakweza chiyembekezo cha anthu motero, adzakuonani ngati wabodza komiti ikadzalitseka.

Kukokomeza ziwerengero. Ofufuza a SPICe adzaziona. Ngati mukudziwa anthu 12 amene zinawachitikira, nenani 12.

Kunyoza aphungu kapena alembi pa intaneti yankho likachedwa. Zimene mumalemba pa masamba anu zimawerengedwa, ndipo phungu amene akanakuthandizani amayamba kukutalikirani.

Kuika zithunzi za ana kapena za odwala popanda chilolezo chawo kapena cha makolo awo.

Kusintha imelo kapena kusamuka osadziwitsa alembi. Kalata yokufunsani maganizo imapita kumene kulibe munthu, tsiku lomaliza limadutsa, ndipo komiti imakambirana popanda mawu anu.

Kugwiritsa ntchito pempho ngati makwerero a udindo m'bungwe la Amalawi kapena m'chipani. Anthu amazindikira msanga, ndipo amene anali ndi umboni weniweni amasiya kubwera ku misonkhano.

Kutaya mafayilo pempho likatsekedwa. Komiti imapereka chifukwa chotsekera, ndipo kawirikawiri chifukwacho chimakhala lonjezo la boma loti lichita chinachake. Lembani lonjezolo ndi tsiku lake m'kope lanu lija. Chaka chikatha osaona kanthu, lemberani aphungu anu 8 mutaphatikiza mawu a lonjezolo monga analembedwera mu Official Report, ndipo ngati pakufunika, perekani pempho latsopano.